Chinyontho cha m'Chipululu

Tsiku limene hotela ina ya ku Dubai inatseka zitseko chifukwa cha mliri wa kolona, m'mwezi wa Malichi chaka cha 2020, kunyumba ya antchito ku Al Muraqqabat kunafika galimoto itadzaza mpaka kudenga. Akuluakulu a hotelayo anaona kuti alendo kulibe ndipo zakudya za m'mafiriji zingoonongeka, ndiye anati bola zipite m'mimba mwa antchito. Anatsitsa zidebe za ayisikilimu, makatoni a yogati, makeke, tchizi, matumba a tchipisi, ndi firiji yaikulu yogona imene anaikankhira m'kolido pafupi ndi khitchini.

Watipaso anaima pambali, maso ali mwaa pamwamba pa masiki. Anali mnyamata wa ku Kasungu, wonyamula zikwama za alendo pahotelapo. Kwa zaka ziwiri ankadutsa pafupi ndi galasi losungiramo ayisikilimu ameneyu, chikwama kudzanja ili china kudzanja linali, osalawako ngakhale kunsonga ya supuni. Lero zidebe zonsezo zinali zitamutsatira kunyumba zokha.

"Mwana, Mulungu wakumbukira ana ake," anatero Samson, mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Samson anali wa ku Chipata ku Zambia, mlonda wa pahotela yomweyo, ndipo iye yekha ndiye anapitirizabe kugwira ntchito, pakuti nyumba yopanda anthu imafunanso woilondera. "Yalla, tiye, leta masupuni. Tizadya mpaka tizalema!"

Kuti mumvetse chimwemwe cha Watipaso, muyenera kudziwa kuti chibadwire anali woonda ngati bango. Kusukulu ankamutchula kuti Ndodo. Ngakhale atafika ku Dubai, akatumiza chithunzi kumudzi anthu ankafunsa ngati kumeneko amawapatsa chakudya. Zimenezi zinkamupweteka mumtima, chifukwa kwawo munthu wopita kunja amayenera kubwerako ndi thupi, anthu aone kuti zake zikuyenda.

M'nyumba yomweyo munkakhala a Pang, bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wophika m'lesitilanti ya Chitchaina ya pahotelapo. Kwawo kunali kum'mwera kwa China, dera la mvula ndi mitsinje, koma anali atatha zaka zitatu osapondako. Ngakhale zinali choncho, chiyambireni mphekesera za matendawa anthu ankawazemba. Palibe amene ananenapo mawu oipa pamaso pawo, koma kapu yawo inachoka pashelefu ya makapu n'kukapezeka yokha pawindo. Iwo sanafunse kuti waisuntha ndani. Ankangoyenda mwakachetechete ndi fulasiki yawo ya madzi otentha kukhwapa, ngakhale kunja kutatentha ngati ng'anjo.

Masabata oyamba a lokidauni, munthu kuti atuluke panja ankayenera kupempha chilolezo pafoni. Watipaso anaona kuti palibe chotulukira. Ankadzuka dzuwa litakwera, n'kutsitsa eyakoni, makina oziziritsa mpweya, mpaka pamapeto kuti chipinda chizizire ngati m'mawa wa Juni ku Dedza, kenako n'kudzikulunga bulangete, foni kudzanja, chidebe cha ayisikilimu pamiyendo. Masana ankakazinga tchipisi n'kuthira tchizi pamwamba. Madzi ankamwa okhawo okhala ndi ayisi woti gobede gobede m'kapu. Zovala akachapa sankakwera nazo padenga pamene panali zingwe. Anamanga chingwe chake m'chipinda, kuchokera pachitseko kufika pawindo losatsegulidwa, ndipo zovalazo zinkadontha pang'onopang'ono pambali pa matiresi ake. Akasamba ankagona tsitsi lili lonyowa, thaulo lili pakhosi.

Ndipo thupi linabweradi. Masaya anatuluka, khosi linadzaza, lamba anasamukira pabowo lina. Tsiku lina Lamlungu anaimbira Lennah, bwenzi lake, amene ankasoka zovala pamsika wa ku Kasungu ndipo anali atayamba kale kudula suti ya ukwati wawo. Nkhope yake itangooneka pafoni, Lennah anakuwa.

"Eee, a Wati! Masaya amenewo mwawagula kuti? Tatembenukani ndione bwino. Ayi ndithu, Dubai wakuyanjani!"

"Ndimakuuza kuti uzidikira," anatero Watipaso, akusisita chibwano. "Ndodo uja anamwalira. Pano kuli bwana."

"Ndiye suti ija ndiwonjezere muyezo?"

"Wonjezera, usaumire nsalu."

Tsiku limenelo anayenda m'kolido akuimba likhweru. M'khitchini anapeza a Pang akudula jinja. Anatsegula firiji, n'kudzaza kapu ndi ayisi, ndipo akutembenuka anaona kuti bamboyo asiya mpeni ndipo akumuyang'anitsitsa. Awiriwa ankamvana m'Chingerezi chothyokathyoka chothira Chiarabu, monga amachitira antchito onse a mumzindawu.

"Habibi, mnzanga, tatulutsa lilime," anatero a Pang.

"Lilime? Lalakwa chiyani, madala?"

"Tulutsa basi."

Watipaso anaima patali ndithu, n'kutsitsa masiki, n'kutulutsa lilime moseka. A Pang anapendeketsa mutu.

"Loyera mbuu, lotupa, m'mbali muli zidindo za mano. M'mawa ukadzuka, mutu umalemera?"

"Ndi tulo tabwino timeneto."

"Miyendo?"

"Ndi thupi, madala. Thupi limalemera. Inu simungadziwe, ndinu woonda."

"Limeneli si thupi," anatero a Pang mofatsa. "Kwathu timati chinyontho. Madzi aima m'kati mwako."

Watipaso anaseka mpaka ayisi anagwa m'kapu. "Chinyontho? Kuno? A Pang, tasuzumirani pawindo. Mchenga wokhawokha, mvula imagwa kawiri pachaka ngati yakumbukira. Kwathu chinyontho chimakhala kudimba, kumene timadzala mpiru. Munthu sangagwidwe ndi chinyontho m'chipululu."

A Pang sanaseke. Analoza chitofu chimene chinali kuyaka pansi pa kapoto kawo. "Asing'anga a kwathu amati m'mimba mwa munthu muli chitofu chaching'ono ngati ichi. Ntchito yake n'kuphika chimene wadya kuti chisanduke mphamvu. Iwe m'mawa ukuthirapo ayisi, masana ayisi, madzulo ayisi. Moto ukufooka. Ndiye pamoto wofookawo ukuikapo zinthu zolemera: mkaka, shuga, mafuta. Sizipsa. Zimasanduka matope, ndipo matopewo alibe kolowera, amakhala m'miyendo, m'mutu, m'mimba. Chimenecho ndi chinyontho chochokera m'kamwa. Palinso china cholowera pakhungu. Ndikadutsa pakhomo pako ndimamva fungo la zovala zosauma. Windo lako silinatsegulidwe chiyambire Malichi. Ukugona m'mphepo yozizira tsitsi lili lonyowa. Ukufuna chipululu chikuthandize bwanji iwe utadzimangira dambo m'chipinda?"

"Nanga Samson? Tikudya chidebe chimodzi, tikugona chipinda chimodzi. Bwanji iye simukumuuza?"

"Samson amazungulira hotela maola khumi ndi awiri, amatuluka thukuta. Madzi ake akuyenda. Ako aima ngati chithaphwi."

Atatero anatunga msuzi m'kapoto kaja n'kuthira m'kambale. Munali tinyemba tofiira ting'onoting'ono, balere ndi jinja, popanda shuga ngakhale mchere. Anamupatsa ndi manja awiri. Watipaso analandira chifukwa analeredwa kuti wamkulu samukanira pamaso. Anathokoza, anadikira kuti bamboyo atembenuke, ndipo anakhuthulira msuzi wonse musinki. Kenako anasamba m'manja ndi sopo kawiri. Sanadziwe kuti galasi la pawindo, pamene panali kapu yosalidwa ija, linkaonetsa zonse zochitika kumbuyo.

Madzulo ake anafotokozera Samson, ndipo awiriwa anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ni jelasi chabe, mwana," anatero Samson akunyambita supuni. "Mudala aja afuna tonse tikhale monga ndodo zodyera mpunga. Idya, wakula movutika."

Mawu amenewa ndiwo anakoma m'khutu mwa Watipaso, ndipo ndi amene anawasunga.

Epulo anatha, Meyi analowa. Lokidauni inafewa, anthu anayamba kutuluka, koma Watipaso sanaone chifukwa chosiyira matiresi. Ankagona maola khumi n'kudzuka ngati wasenza matumba usiku wonse. Mutu unkakhala ngati aukulunga m'chiguduli chonyowa. Mimba inali ndwii nthawi zonse, njala yeniyeni osaimva, koma pakamwa pakungofuna zotsekemera. Akati apite kubafa, miyendo inkakoka ngati akuyenda m'matope a m'munda wa mpunga. Tsiku lina mantha anamugwira, anati mwina ndi kolona. Kampani inamutumiza kukayezetsa, anamulowetsa kamtengo m'mphuno mpaka misozi inatuluka, ndipo patapita masiku awiri dokotala anamuuza kuti kachilombo alibe. Anawonjezera kuti achepetse shuga ndi mafuta, ndipo aziyenda tsiku lililonse. Koma khutu la munthu limasankha. Watipaso anabwerera kunyumba ndi theka loyamba lokha.

"Mwamva, a Pang? Dokotala wa makina wati ndilibe kanthu."

"Alhamdulillah," anatero a Pang, kuthokoza Mulungu m'Chiarabu, n'kumwa madzi awo otentha.

Chapakati pa Juni kunabwera uthenga woti onyamula zikwama onse asanu ndi mmodzi apite kuhotela atavala yunifolomu. Anawalandira ndi mayi Hildah, supavaiza wawo wa ku Uganda, munthu woseka koma wosabweza mawu. Watipaso anafika akupuma theka, chifukwa jekete linali litamugwira ngati ngongole ya mfiti. Anaima pamzere m'chipinda chachikulu cholandirira alendo, chopanda munthu, chonunkhira mankhwala ophera tizilombo. Mayi Hildah atangoti, "Imani bwino," iye anakoka mpweya kuti awongoke. Batani lapakati linathothoka, linagwa pamiyala yosalala ija, linagubuduka ngii, n'kukaima pansapato ya mayiwo.

Anzake anayesetsa kudzigwira, koma masiki onse ankanjenjemera.

Mayi Hildah anatola batanilo n'kuliika m'dzanja lake. Kenako anafotokoza. Mzinda utsegulira alendo akunja pa 7 Julaye. Malamulo atsopano akuti mulifiti muzilowa anthu awiri okha, ndiye alendo akachuluka zikwama zizikwera pamasitepe. Ndipo popeza alendo adzayamba ndi ochepa, pa anthu asanu ndi mmodzi kampani isunga atatu. Enawo adzapatsidwa tikiti yobwerera kwawo.

"Tiyeni tione," anatero mayiwo. "Zikwama ziwiri, nsanjika yachisanu ndi chimodzi, masiki osavula."

Kale Watipaso ankakwera masitepe amenewa awiriawiri, akuimba. Tsikuli nsanjika yoyamba inamulandira bwino, yachiwiri inamufunsa mafunso, yachitatu inamukhazika pansi. Anakhala pasitepe pakati pa zikwama ziwiri, mtima ukugunda m'makutu, anzake akumudutsa mmodzimmodzi. Mayi Hildah anatsika n'kuima patsogolo pake.

"Watipaso, ndimakudziwa. Unali mphepo iwe. Amene wakhala apayu ndi ndani?"

Asanayankhe, mayiwo anapitiriza.

"Pa 4 Julaye ndidzakuyesaninso nonse, ndipo tsiku lomwelo ndidzalemba mayina atatu. Ndibweretsere Watipaso uja. Uyu sindingamulembe, khalas, basi."

Potuluka pahotela, mpweya wa panja unamumenya kumaso ngati thaulo lotentha lonyowa. Anatulutsa foni kuti aone nthawi, galasi lake linachita nkhungu nthawi yomweyo. Zitseko zagalasi za mashopu zinali kutsika madzi ngati zikulira. Anayenda pang'ono, malaya anamata pamsana. Zaka ziwiri anakhala mumzinda umenewu, ndipo chaka chilichonse nyengo yotentha nyanja inkatumiza nthunzi yotereyi, koma iye anali asanaiganizirepo. Anaima pakona ya msewu n'kupukuta foni pathalauza. Chipululu chija chinali chonyowa.

Atafika kunyumba sanapite kufiriji. Analowa m'khitchini, anapeza a Pang akutsuka mpunga. Kenako anapita pawindo, anatenga kapu ija, anaitsuka bwinobwino, n'kuiika pashelefu pakati pa makapu ena onse. A Pang anayang'ana kapuyo, n'kuyang'ana iye.

"Bambo," anatero Watipaso, mawu ali pansi, "kapuyi ndinaisuntha ndine. Ndipo msuzi uja ndinataya."

"Ndinaona," anatero a Pang. "Unathandiza kwambiri. Sinki inayenda bwino sabata yonse."

Watipaso anafuna kuseka, koma m'maso munadzaza misozi. Anafotokoza za batani, za masitepe, za tikiti. Akabwerera ku Kasungu chimanjamanja, ukwati udikira, ndipo anthu omwe ankatama masaya ake ndi omwe adzayambe kufunsa kuti wabweretsa chiyani china kupatula masayawo.

"Masiku angati?" anafunsa a Pang.

"Khumi ndi asanu ndi atatu."

A Pang anapukuta manja. "Chinyontho chimalowa ngati mlendo, chimatuluka ngati mwini nyumba. Sichithamangitsidwa tsiku limodzi. Koma ndiwe mwana, moto wako sunazime, wangonyowa. Yalla, tiyambire kuchipinda."

Anadula chingwe chija. Zovala zonse zinakwera padenga, matiresi nawonso, ndipo kuseri kwake anapeza khoma litachita nkhungu yakuda. Windo linakana kutseguka mpaka analimenya ndi chigongono. Eyakoni anaikweza kuti izingochotsa ukali wa kutentha, osati kusandutsa chipinda mochare. Samson pobwera ku ntchito anaima pakhomo, chipewa m'manja.

"Ati bwanji? Tasamuka?"

"Tikuumitsa dimba," anatero Watipaso.

Kuyambira m'mawa wotsatira, dzuwa lisanapse, a Pang ankagogoda pachitseko ndi fulasiki yawo. Nyumbayo inali ya nsanjika zisanu ndi zinayi, ndipo ankakwera wapansi mpaka padenga, bambo patsogolo mnyamata pambuyo. Tsiku loyamba Watipaso anapuma kanayi. Atafika pamwamba anamwa madzi ofunda a jinja akukwinya nkhope ngati akumwa kwinini. Chakudya chinasanduka mpunga wofewa, masamba ophika, nsomba pang'ono, ndi msuzi wa tinyemba tofiira uja, umene tsopano ankaumaliza mpaka kupendeketsa mbale. Chilichonse chinkalowa m'kamwa chili chofunda.

Mayesero aakulu anali Samson. Ankakhala pabedi lake ndi chidebe pamiyendo, n'kumakanda pansi pake ndi supuni mokweza dala.

"Mwana, ichi chinthu chilira dzina lako. Tamvera: Watiii, Watiii."

"Choka Satana."

"Kasupuni kamodzi chabe. Mudala sazaona."

"Aja amaona ndi pagalasi pomwe, aise. Ndisiye."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Watipaso anakwera ali duu, osayankhula. Padenga anakhala pansi n'kumawerenga masiku otsala pazala, kubwereza, kuwerenganso. A Pang anakhala pambali pake.

"Pali chinanso chimene sindinakuuze," anatero. "Kwathu amati kuganiza kwambiri kumamanga m'mimba ngati mfundo. Ukamatafuna nkhawa, chitofu chija chimasiya kuphika chakudya n'kumaphika nkhawazo. Nacho chimabala chinyontho."

"Ndiye ndisiye bwanji kuganiza, bambo? Ntchito ikupita."

"Kale ndinkakumva ukuimba m'makolido a hotela. Unali kusokosa kwambiri. Imba."

Mawa lake Watipaso anayamba nyimbo ya kwaya ya kwawo pansanjika yoyamba, mawu akuduka chifukwa cha befu. A Pang ankawerenga masitepe m'chinenero chawo mogwirizana ndi nyimboyo. Pansanjika yachinayi chitseko chinatseguka, mayi wina wa ku Philippines anasuzumira, n'kufunsa ngati kuli maliro kapena ukwati. Tsiku lotsatira anawatsatira atavala nsapato zothamangira. Kenako anabwera anyamata awiri a ku Pakistan oyendetsa njinga zamoto, kenako mlonda wa pageti. Pofika sabata yachiwiri, masitepe a nyumba ija m'mawa uliwonse ankadzaza ndi mzere wa anthu otalikirana, ovala masiki, oimba Chichewa chimene sankachimva ndi kuwerenga Chitchaina chimene sankachidziwa. Anthu omwe ankazemba a Pang anayamba kuima patsogolo pawo padenga, aliyense lilime panja, kudikira chiweruzo. Samson yemwe, tsiku lake lopuma, anatulutsa lake.

"Iwe ukadzasiya ulonda udzandifuna," anatero a Pang, ndipo denga lonse linaseka.

Kaya chinyonthocho chinali m'thupi ndendende monga asing'anga a kwawo kwa a Pang amanenera, kaya zinali zomwe dokotala uja ananena m'mawu ena, Watipaso sanathe kuweruza, ndipo sanafunenso kutsutsana. Chimene ankadziwa n'choti m'mawa wina anadzuka chiguduli chija chitachoka m'mutu. Njala yeniyeni inabwerera. Sabata yachitatu ankakwera ndi zigubu ziwiri za madzi m'manja, m'malo mwa zikwama.

Amene sanakondwere anali Lennah.

"A Wati, mukudwala? Masaya anga aja apita kuti? Musandibisire, ndi kolona?"

"Si kolona. Chinali chinyontho."

"Chinyontho? Mwasanduka khoma?"

Anamufotokozera zonse, kuyambira chitofu cha m'mimba mpaka batani logubuduka. Lennah anaseka mpaka foni inagwera pamakina osokera, ndipo kwa kanthawi Watipaso ankangoona denga la malata.

"Ndiye tamverani," anatero atatola foniyo. "Suti imeneyi ndaisoka, ndaimasula, ndaiwonjezera, pano ndiibwezenso. Mukasinthanso, kutchalitchi mudzalowa mutavala thumba la feteleza."

Pa 4 Julaye Watipaso anavala jekete lake, batani lija atalisoka yekha ndi ulusi wopindidwa kanayi. Silinali lomasuka, koma linatseka. Mayi Hildah anaima pansi pa masitepe ndi pepala ndi wotchi, ndipo ankawatumiza mmodzimmodzi. Iye anali womaliza. Ananyamula zikwama ziwiri zija. Nsanjika yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu anaona sitepe imene anakhalapo tsiku lija, n'kuiponda mwamphamvu pang'ono kuposa zinzake. Pa yachinayi masiki ananyowa n'kuyamba kumata pamphuno. Pa yachisanu kamawu kena m'mutu kanati tula pansi kamphindi kokha. M'malo mwake anayamba kuwerenga chamumtima m'chinenero cha a Pang, sitepe iliyonse nambala yake, nyimbo ija ikuyenda pansi pake. Atakweza maso anaona nambala sikisi pakhoma, ndi mayi Hildah akutuluka mulifiti.

Anaika zikwama pansi mwaulemu, anawongoka, batani lili m'malo mwake.

"Mayi," anatero akupuma mwamphamvu, "chipinda cha mlendoyu ndi nambala chani?"

Mayi Hildah anayang'ana wotchi, anayang'ana iye, ndipo maso awo anaseka pamwamba pa masiki. "Wabwerako eti? Unapita kuti?"

"Kudimba, mayi."

Sanamvetse, koma analemba. Pamayina atatu aja, lake linali lachitatu.

Masana a tsiku limenelo m'khitchini ya ku Al Muraqqabat munali phokoso ngati la pachinkhoswe. A Pang nawonso anali atalandira uthenga woti lesitilanti yawo itsegulidwa, ndipo anaphika nkhuku ya jinja yokwanira kolido yonse. Samson anafukula chidebe chomaliza cha ayisikilimu pansi pa firiji, n'kuchiika pakati pa tebulo ngati chikho cha mpira.

"Lelo sungakane, mwana. Ni pate."

Watipaso anayang'ana a Pang. Bamboyo anakanda chibwano kwa nthawi yaitali, ngati woweruza mlandu wovuta.

"Supuni imodzi," anatero. "Utatha kudya. Ndipo uidikire isungunuke kaye."

"Imeneyo ni phala manje!" anakuwa Samson, anthu onse n'kufa nazo kuseka.

Watipaso anatenga makapu awiri pashelefu, yake ndi ya a Pang, n'kuthira madzi otentha a m'fulasiki monsemo. Foni inalira, anali Lennah, wofuna kumva zotsatira. Atamuuza, kunamveka nthungululu yochokera ku Kasungu imene inadzaza khitchini yonse. Kenako Lennah anaona nkhope yachilendo pambali pake.

"Nanga bambo akumwetulirawo ndi ndani?"

Watipaso anatembenuza foni bwinobwino kuti awiriwo aonane.

"Amenewa ndi amalume anga a kuno," anatero. "Apatse moni mwaulemu. Pa anthu onse amene anaona masaya anga, ndi okhawa amene sanandiyamikire."

Lennah anasiya makina, anagwada pansi pomwepo pamsika, n'kuwomba m'manja katatu. A Pang sanamve liwu ndi limodzi lomwe la moniyo, koma anaimirira, anagwira kapu yawo ndi manja awiri, n'kuweramitsa mutu.

Otama anali ambiri, ndipo onse ankamukonda, koma mawu awo okoma akanamukweza ndege yobwerera kumudzi. Amene anamusungira ntchito anali munthu wa mtundu wina, wa chinenero china, amene anasalidwa kapu ndi kutayiridwa msuzi, koma osaleka kunena chimene anaona palilime. Ubale sufunsa pasipoti. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.